Mvula yonseyi, bilu ya madzi ikukwereranji?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina ya ku England walemba kuti: "Ndimakhala m'nyumba ya lendi ndi ana anga awiri. Chiyambire Novembala mvula sinakate. Khoma la kuchipinda kwa ana lada ndi nkhungu, zovala siziuma, ndipo sabata yatha madzi onunkha anatumphuka pa chivundikiro cha ngalande kuseri kwa nyumba. Pomwepo kwabwera kalata yoti bilu ya madzi ikwera. Tipirire bwanji nyengo imeneyi? Nanga anzanga kuntchito akuti vuto ndi lakuti madzi kuno ali m'manja mwa makampani, bola boma likanawatenga. Akunena zoona? Paja kwathu mabodi a madzi ndi a boma, koma mipope imauma ndithu."

Mayi, pepani ndi nyengoyi. Chimene chikukuzunzani si kuchuluka kwa mvula kokha ayi. London imalandira mvula yochepa pachaka kuyerekeza ndi Lilongwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuzizira ndi mvula zimabwera padera. Mu Juni kumazizira koma kuli gwa, kupatula masiku a chiperoni, ndipo m'dzinja mvula ikagwa m'mawa, masana dzuwa laswa mtengo, zovala zauma. Kuno zonse ziwiri zimabwerera limodzi. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mvumbi umene wagwa lero umapeza wa dzulo usanaume. Nthaka imakhuta, makoma amakhuta, mapaipi a pansi nawo amakhuta.

Ndiyambe ndi chipinda cha ana, chifukwa china chilichonse chingadikire koma chimenechi ayi.

Chinyezi m'nyumba chimachokera kuwiri, kunja kapena mkati momwemo, ndipo muyenera kudziwa chanu ndi chiti musanakangane ndi landilodi. Ngati pakhoma pali chigamba chonyowa chimene chimakula mvula ikagwa, chokhala ndi mzere wachikasu m'mphepete, ndiye kuti madzi akulowa kuchokera kunja: denga, mpope wotsitsa madzi a padenga wotsekeka ndi masamba, kapena mng'alu pakhoma. Imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba, palibe zokambirana. Koma ngati nkhunguyo ndi timadontho takuda m'ngodya, kuseri kwa wodilopu ndi mozungulira zenera, ndipo m'mawa magalasi amakhala akutsika madzi ngati botolo lochokera m'filiji, ndiye kuti ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo imene ikukhudza khoma lozizira n'kusanduka madzi.

Apa tivomereze kuti kaphikidwe kathu sikagwirizana ndi nyumba za kuno. Nyemba zimabwata maola awiri, poto ali pululu, zitseko zonse zamkati zili zotsegula, mawindo otseka ndi kuopa mphepo. Kenako tayanika yunifomu ya kuntchito ndi zovala za ana pa hita. Zovala za mtolo umodzi wochapa zimatha kutulutsa malita awiri a madzi, ndipo madziwo sapita kwina, amakathera pa khoma lozizira kwambiri m'nyumbamo, lomwe nthawi zambiri ndi la chipinda chimene simuyatsa hita masana. Vundikirani mapoto, tsekani chitseko cha kukhitchini, yatsani fani yokoka nthunzi ngati ilipo. Nyemba ziviikeni usiku kapena gulani poto wa mphamvu ya nthunzi uja, zipsa msanga ndipo gasi mupulumutsa. M'mawa uliwonse pukutani mawindo ndi kutsegula kwa mphindi 10, ngakhale kukugwa mvula. Mpweya wozizira wa kunja ukalowa n'kutenthedwa umakhala wouma kuposa umene mwagona nawo. Kankhani bedi ndi wodilopu zitalikirane ndi khoma mpata wa chikhatho. Nyumba isamazizire kutsika pa madigiri 18 kwa nthawi yaitali. Ngati pali chinthu chimodzi choti mugule, gulani makina oyamwa chinyezi aja amalembedwa kuti dehumidifier m'masitolo. Amadya magetsi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi makina oumitsira zovala. Yanikani zovala m'chipinda chimodzi, tsekani chitseko, yatsani. Tsiku loyamba mukamakakhuthula kandowa kake mudzadabwa kuti madzi onsewo anali mumpweya umene ana amapuma.

Musalole kuti wina akuuzeni kuti nkhungu ndi nkhani ya ukhondo chabe. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba ya lendi, makolo ake atadandaula kangapo konse. Imfa imeneyo ndiyo inabala lamulo lotchedwa Awaab's Law, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2025 pa nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba, ndipo limaika masiku oti nkhungu ifufuzidwe ndi kukonzedwa. Ngati landilodi wanu ndi munthu wamba, lilipo lamulo la 2018 lomukakamiza kuti nyumba ikhale yoyenera kukhalamo anthu. Mulembereni, osati kungoimba foni. Jambulani zithunzi, ikani tsiku. Akazengereza pitani ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo yanu, ali ndi mphamvu zodzayendera nyumbayo. Lendi musasiye kulipira, chifukwa mukasiya mwamupatsa chifukwa chokutulutsirani. Mwana akayamba kutsokomola usiku kapena kulira m'chifuwa, kaonaneni ndi dokotala ndipo mutchule za nkhunguyo kuti zilembedwe. Ndiwonjezere kanthu kena kamene ambiri a ife timakanyozera: a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza kuti anthu akhungu lakuda aziganizira zomwa vitamini D, mamaikilogalamu 10 patsiku, chaka chonse. Kufooka kwina kumene timati ndi kutopa ndi ntchito kumachokera pa kusowa dzuwa.

Za madzi osefukira ndingonena mwachidule. Lembetsani keyala yanu ku machenjezo a Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe, ndi ulere. Amabwera pa masitepe atatu: Flood Alert, Flood Warning, ndi Severe Flood Warning pamene moyo uli pachiswe. Mapasipoti ndi mapepala ena ofunika akhale m'chikwama cha pulasitiki, pamalo okwera. Inshulansi ya landilodi imateteza nyumba yake, osati katundu wanu, choncho yanu ya katundu muifunefune nokha. Ndipo poti ntchito yanu ndi yoyenda usiku ndi m'mamawa: madzi oyenda akuya masentimita 30 okha amanyamula galimoto. Bwererani, kaimbeni foni kuti muchedwa.

Tsopano za madzi onunkha aja. Amenewo musawakhudze ndipo ana asasewere pafupi. Imbirani kampani ya madzi tsiku lomwelo, tengani nambala ya dandaulo lanu. Kuyambira Okutobala 2011 mapaipi a zonyansa amene amatumikira nyumba zoposa imodzi ali m'manja mwa kampani, ngakhale atadutsa kuseri kwa nyumba yanu. Paipi yotumikira nyumba yanu yokha, mkati mwa mpanda, ndi ya landilodi. Ngalande za mumsewu ndi za khonsolo, mitsinje ikuluikulu ndi ya Environment Agency. Madzi akasefukira aliyense wa awa amakonda kuloza mnzake, ndiye dziwiranitu. Zonyansa zochokera m'paipi ya kampani zikalowa m'nyumba kapena pabwalo, lamulo limati mupepesedwe ndi ndalama. Funsani, ndipo akakunyalanyazani pitani ku bungwe loimira ogula madzi la CCW.

Chifukwa chimene chivundikirocho chinatumphukira ndicho chitifikitse pa funso lanu lachiwiri.

M'matauni akale a kuno paipi imodzi imanyamula zonse: za m'chimbudzi, za kubafa, ndi madzi a mvula ochokera pa madenga ndi misewu. Ku London mapaipi akuluakulu anamangidwa ndi Joseph Bazalgette pambuyo pa chaka cha 1858, pamene mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu kulephera kukhala m'Nyumba ya Malamulo. Inali ntchito yaluso, koma yomangira mzinda wa anthu ochepa kuposa lero, wokhala ndi minda ndi madambo omwa madzi pamene pano pali phula ndi simenti. Kuti zonyansa zisabwerere m'nyumba mvula ikachuluka, anaika zipata zotayira m'mitsinje ndi m'nyanja. Ku England zipata zimenezi zilipo zoposa 14,000. Ndinaimapo pa chimodzi mwa izo m'mawa wina mvula itagwa usiku wonse. Madzi anali otuwa ngati otsukira mbale, ndipo pa nthambi za mitengo ya m'mphepete panali patakolekeka tinsalu topukutira ana, ndandanda, kusonyeza pamene madzi anafika. Tinsalu timeneto ndi mafuta ophikira otayidwa m'sinki ndi mbali yathu ya mlanduwu: mu 2017 ku Whitechapel, mu London, anapeza chimulu cha mafuta ndi tinsalu cholemera matani 130 chitatseka paipi.

Zipatazi zinapangidwira mvula yoopsa ya apo ndi apo. Koma mu 2023 zinatayira zonyansa kwa maola 3.6 miliyoni, kuwirikiza kawiri chaka cha 2022. Makampani anati ndi mvula, ndipo sananame kwenikweni: miyezi 18 kuchokera Okutobala 2022 mpaka Malichi 2024 inali yonyowa kuposa ina iliyonse ku England chiyambire kulemba mu 1836. Koma mvula ku England si mlendo. Nyengo yozizira ya 2013 mpaka 2014 inamiza Somerset kwa masabata ambiri, ndipo mu Disembala 2015 namondwe Desmond anagwetsa mamilimita 341 m'maola 24 ku Honister Pass. Amene walandira ntchito yoyendetsa ngalande m'dziko lotere, walira mvula walira matope. Funso ndi lakuti ndalama zokulitsira mapaipi zinapita kuti.

Mu 1989 boma la Margaret Thatcher linagulitsa mabungwe 10 a madzi a ku England ndi Wales. Linayamba lawafafanizira ngongole za pafupifupi £5 biliyoni n'kuwonjezerapo ndalama zina zoyambira, kotero makampani anayamba opanda ngongole. Chifukwa chimene boma linapereka sichinali chopusa: mabungwewo ali a boma ankamanidwa ndalama chaka ndi chaka, magombe anali auve, ndipo malamulo a ku Ulaya ankafuna ntchito yaikulu imene Nduna ya Zachuma sinkafuna kulipira. Ndalama zinabweradi, ndipo madzi akumwa a kuno ndi abwino kwambiri, mayeso opitirira 99.9 pa 100 alionse amakhoza. Zimenezo tisazikane. Koma kuchokera nthawiyo eni masheya atenga phindu loposa £70 biliyoni, pamene makampani omwe anayamba opanda ngongole tsopano ali ndi ngongole zoposa £60 biliyoni. Gawo lina la bilu yanu silikonza paipi iliyonse, limangolipira chiwongoladzanja. Damu lalikulu lomaliza kumangidwa linali la Carsington mu 1992, ndipo madzi okwana pafupifupi malita 3 biliyoni amatayika tsiku lililonse m'mapaipi odontha. N'chifukwa chake dziko limene likumira mu Januwale limaletsa kuthirira maluwa ndi paipi mu Julayi kapena Ogasiti, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2025.

Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Thames Water, yomwe imatumikira anthu pafupifupi 16 miliyoni. Pa zaka zimene inali m'manja mwa gulu lotsogozedwa ndi banki ya Macquarie ya ku Australia, 2006 mpaka 2017, ngongole yake inakwera pafupifupi katatu, kupitirira £10 biliyoni, ndipo inapitiriza kukwera eni ena atalowa. Mu 2025 inachita kukongola £3 biliyoni ina kuti isagwe, ndipo chaka chomwecho Ofwat, bungwe loyang'anira makampani a madzi, inailipiritsa chindapusa cha pafupifupi £123 miliyoni pa nkhani ya zonyansa ndi kugawa phindu mosayenera. Southern Water inalipitsidwa £90 miliyoni mu 2021 itavomera kukhoti kuti inkataya zonyansa mosaloledwa. Kampani ya buledi ikachita zotere imatha, anthu amakagula kwina. Ya madzi singathe, chifukwa mpope wobwera panyumba panu ndi umodzi ndipo simungasankhe wina. Khoswe wakhala pa mkhate. Ukamulipiritsa kwambiri agwa, akagwa anthu 16 miliyoni amwa chiyani? Apa ndi pamene maganizo onse a 1989 amaterereka: anabweretsa msika pamalo pamene sipangakhale mpikisano, n'kuika Ofwat kuti izichita ngati mpikisanowo. Ofwat inkalimbikira kuti mabilu asakwere, koma sinaletse eni ake kukongola m'dzina la kampani. Mu Disembala 2024 inavomereza kuti mabilu akwere ndi 36 pa 100 alionse pa zaka zisanu kuti papezeke £104 biliyoni yokonzera zinthu. Kalata imene mwalandira yachokera pamenepo. Mukulipira tsopano ntchito imene inayenera kugwiridwa zaka 20 zapitazo.

Ndiye anzanu akunena zoona? Pa matenda akunena zoona. Pa mankhwala ndikuti aone kaye kwa anansi, chifukwa dziko lomweli la United Kingdom lili ndi njira zinayi zosiyana pansi pa mvula imodzi.

Scotland sinagulitse. Mu 1994 anthu a ku Strathclyde anafunsidwa ndipo 97 pa 100 alionse anakana. Scottish Water, yomwe inakhazikitsidwa mu 2002, ndi ya boma, mabilu ake amakhala otsika kuyerekeza ndi a ku England, ndipo zotsala zimabwerera m'mapaipi. Koma nayonso imatayira zonyansa m'mitsinje, ndipo kwa zaka zambiri zipata zake zochepa chabe ndi zimene zinali ndi makina oyezera, pamene England inamaliza kuika pa zonse kumapeto kwa 2023. Chosayezedwa chimaoneka choyera. Ku Wales, kampani ya madzi ya Dŵr Cymru yakhala kuyambira 2001 m'manja mwa Glas Cymru, kampani yopanda eni masheya: imakongola pamsika koma palibe wotenga phindu kupita nalo kwawo. Komabe mu 2024 Ofwat inaipeza kuti inapereka ziwerengero zolakwika za madzi odontha. Ku Northern Ireland madzi ndi a boma ndipo mabanja salandira bilu ya madzi n'komwe. Zikumveka zokoma, koma ndalama zake zimalimbirana ndi zipatala ndi masukulu m'bajeti, ndipo zimagonja. M'madera ambiri kumanga nyumba zatsopano kwaima chifukwa mapaipi a zonyansa adzaza, ndipo nyanja ya Lough Neagh, gwero la pafupifupi 40 pa 100 alionse a madzi akumwa kumeneko, inaphimbidwa ndi ndere zapoizoni mu 2023. Zifukwa zake ndi zingapo, ulimi uli patsogolo, koma zonyansa za anthu zilimo.

Mwatchula za kwathu, ndipo Northern Ireland ndiyo ikufanako. Mabodi asanu a ku Malawi ndi a boma, ndipo mavuto awo si a eni masheya. Blantyre imapopa madzi kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 chokwera phiri, kotero ndalama zambiri zimathera ku magetsi. Onjezanipo mitengo imene imadikira chilolezo cha andale, ndi maofesi a boma amene amachedwa kulipira mabilu awo. Boma likhoza kuyamwa bungwe la madzi mofanana ndi mwini masheya, kungoti limayamwa posalipira ndi pokana kukweza mtengo chisankho chikayandikira.

Maganizo anga ndi awa. Madzi asakhale m'manja mwa aliyense amene angatulutsemo ndalama, kaya ndi banki ya kunja kaya ndi Nduna ya Zachuma. Ndimakonda bungwe la anthu, loima palokha, lokhala ndi bilu yakeyake imene ndalama zake sizituluka m'madzi, lololedwa kukongola pomanga zinthu zokhalitsa basi, ndipo mabuku ndi ziwerengero zake zili poyera. Makampani azipikisana pa ntchito zomanga ndi kukonza, pamenepo mpikisano ulipodi, koma mpope ukhale wa anthu. Si maloto. Paris inabweza madzi ake ku khonsolo mu 2010 ndipo chaka chotsatira inatsitsa mtengo ndi 8 pa 100 alionse. Berlin inagulanso masheya ake pofika 2013. Netherlands, dziko limene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi lili pansi pa msinkhu wa nyanja, inakhazikitsa lamulo mu 2004 loletsa makampani wamba kugulitsa madzi akumwa kwa mabanja, ndipo mabodi ake oyang'anira ngalande ndi madzi osefukira amasankhidwa ndi anthu ndipo amatolera msonkho wawo.

Chovuta ku England ndi mtengo wowombolera. Boma limati kutenga makampani onse kungadye pafupifupi £100 biliyoni, ndipo komiti younika za madzi ya Sir Jon Cunliffe, imene mu Julayi 2025 inalangiza kuti Ofwat ithetsedwe n'kupanga woyang'anira mmodzi wamphamvu, inauzidwiratu kuti nkhani yobweza madzi ku boma isaikhudze. Ena amatsutsa chiwerengerocho, ponena kuti kampani yomira m'ngongole singagulidwe pa mtengo wa kampani yathanzi, ndipo ndikugwirizana nawo. Lamulo lili kale ndi njira yoti boma ligwire kwa kanthawi kampani imene yalephera, madzi akuyendabe, obwereketsa n'kuluza gawo la ndalama zawo. Ine ndikanayambira pamenepo, kampani imodzi imodzi ikagwa, n'kuitulutsa ngati ya ku Wales kapena ya ku Scotland, m'malo mogula zonse tsiku limodzi. Koma anzanu muwauze kuti ngakhale zitatero mawa, bilu singatsike. Ngalande yaikulu ya Thames Tideway yokha, ya makilomita 25, yadya ndalama zoposa £4 biliyoni, ndipo ndi ya mzinda umodzi. Chingasinthe n'chakuti paundi imene mwalipira ingafike pansi pa msewu wanu yathunthu.

Pakali pano bilu ili patebulo, ndiye chitani izi. Kampani iliyonse ili ndi mtengo wotsitsidwa wa mabanja opeza zochepa, koma sabwera kudzakuuzani, mumachita kupempha. Zoyenereza zimasiyana kampani ndi kampani, ndipo zina zimangoona ndalama zimene banja limapeza. Ngati mulibe mita, yerekezani ndi chowerengera cha CCW musanaipemphe, chifukwa kwa banja lochapa kwambiri mita ikhoza kukweza bilu m'malo motsitsa. Onaninso ngati madzi a padenga panu amalowadi m'paipi ya kampani. Ngati amangomwerera m'dzenje la pabwalo, pali gawo la bilu limene simuyenera kulipira ndipo mukhoza kupempha kuti alichotse. Mukalephera kulipira mwezi wina musabisale, imbani mugwirizane zolipira pang'onopang'ono. Kuyambira 1999 lamulo silimalola kampani kudula madzi panyumba yokhalamo anthu chifukwa cha ngongole, choncho kalata yoopseza isakulandeni tulo, ngakhale ngongoleyo imakhalapobe ndipo ikhoza kudetsa mbiri yanu yobwereka. Chivundikiro chija chikatumphukanso, jambulani, imbaninso, ndipo nambala zonse za madandaulo muzisunge pa pepala limodzi. Ulendo wachitatu, tumizani pepalalo kwa phungu wa dera lanu.